Tinasiyana, koma sakusiya kuona ma status anga: kodi akundifunabe?

Mayi alangizi,

Ndine mtsikana wa zaka 27, ndimagwira ntchito mu saluni ina ku Lilongwe. Ndinali pa chibwenzi ndi mnyamata wina kwa zaka zitatu, moti kwathu ankamudziwa ndipo nkhani ya chinkhoswe inali itayamba kukambidwa. Miyezi inayi yapitayi anandiuza kuti tisiyane, akuti akufuna aone kaye za tsogolo lake. Pano ndamva kuti ali ndi wina. Chondizunguza mutu n'chakuti status iliyonse imene ndingaike pa WhatsApp, iye ndiye amayamba kuiona, nthawi zina pasanathe mphindi zisanu. Salemba kanthu. Tsiku lina usiku anachita like chithunzi changa chakalekale pa Facebook, kutacha ndinapeza wachotsa. Mlongo wake nayenso amaona zonse. Sabata yatha akaunti ina yopanda chithunzi yandipempha ubwenzi. Anzanga akuti madzi saiwala khwawa, ndingodikira abwera. Ine tulo sitikubwera, ndikungokhalira kutsegula foni. Kodi akundifunabe? Ndimubuloke? Komatu tili m'gulu limodzi la kwaya, ndipo sindikufuna kuoneka ngati ndasunga mangawa.

Wosowa mtendere, Lilongwe

Achemwali,

Khazikani mtima pansi, mutu wanu uli bwinobwino. Munthu amene mwayenda naye zaka zitatu, amene amalume anu anamva kale dzina lake, sangatuluke mumtima pa miyezi inayi. Kale chibwenzi chikatha mtunda unkathandiza. Wina ankabwerera kwawo ku Mzimba, wina n'kutsala ku Kawale, mwina n'kudzaonana pamaliro patapita zaka. Lero munthu amakusiyani masana, madzulo dzina lake n'kutulukira m'manja mwanu momwe. Pa ntchito yanga yolangiza achinyamata ndi mabanja, dandaulo ili lachuluka chiyambireni ma status a WhatsApp mu 2017, ndipo si atsikana okha amene amabwera nalo. Anyamata nawo limawadya, kungoti iwo amayamba n'kunena kuti akufunsira mnzawo.

Mwafunsa ngati akukufunanibe. Mndandanda wa anthu oona status sungayankhe funso limenelo, ndipo amene angakuuzeni motsimikiza kuti inde akungofuna kukusangalatsani. Taonani mmene chinthucho chimayendera. Status yongoikidwa kumene imakhala pamwamba, ndipo munthu akamaliza kuona ya mnzake foni imadumphira yokha pa yotsatira. Amene sasiyana ndi foni, kaya ali mu minibasi kaya akudikira magetsi, amadutsa ma status a anthu ambirimbiri maganizo ali kwina. Dzina lake lilembedwa chimodzimodzi, kaya wayang'anitsitsa chithunzi chanu misozi ili m'maso, kaya chala changodutsapo akusaka zigoli za mpira wa dzulo.

Komabe sindikunamizani kuti zonse n'zangozi. Like ya usiku ija sinadzibweretse yokha. Kuti munthu afike pa chithunzi chakalekale amachita kutsika nacho chala, kufunafuna. Ndiye inde, amakuganizirani. Kungoti zifukwa zoganizira munthu amene unamusiya n'zambiri, ndipo zochuluka mwa izo sizikupindulirani kanthu inuyo.

Ena chimangokhala chizolowezi. Zaka zitatu akudzuka n'kuona zanu, chala sichinamve kuti chibwenzi chinatha. Ena ndi chikumbumtima: amadziwa kuti anakulakwirani, ndiye akaona mukuseka paukwati wa mnzanu amapuma, amati basi ali bwino, ine ndilibe mlandu. Gulu lina, limene ndakumana nalo kwambiri, ndi la odzikonda. Iwowa sakufunani, koma safunanso kuti wina akutengeni. Amabwera kudzaona ngati malo awo akadali opanda munthu, ndipo tsiku limene mudzaike chithunzi chooneka dzanja la mwamuna pambali, ndi pamene adzakumbukire kulemba. Aliponso onong'oneza bondo zenizeni, amene akusowa poyambira. Amenewa alipo ndithu, koma ndi ochepa kusiyana ndi mmene mtima wosweka umafunira.

Pali chinthu china choti muchidziwe. Pa WhatsApp munthu akazimitsa Read receipts, chija chimasonyeza kuti uthenga wawerengedwa, amatha kuona status yanu dzina lake osaoneka. Achinyamata ambiri amazidziwa zimenezi. Iye sanazimitse. Mwina alibe nazo ntchito kuti mumuona, mwina akufuna mumuone. Ngati akufuna mumuone, ndiye kuti wapeza njira yotsika mtengo kwambiri yokhalirabe m'mutu mwanu: palibe kupepesa, palibe kufotokoza, palibe kuyang'anizana ndi amalume anu. Munthu wofuna kulowa m'nyumba amaima pakhomo n'kunena odi, kuti eni ake asankhe kumulandira kapena kumubweza. Wosuzumira pampanda tsiku ndi tsiku sanapemphe kanthu, choncho palibe choti mumuyankhe. Nambala yanu ali nayo, saluni akuidziwa, kwanu anafikako. Miyezi inayi yatha asanagwiritse ntchito ngakhale chimodzi mwa zimenezi.

Anzanu a madzi saiwala khwawa aja amakukondani, koma akukudikiritsani pachabe. Tiyerekeze kuti wabweradi mawa, winayo asanamusiye. Akubwera kudzakupatsani chiyani? Inu munali pafupi ndi chinkhoswe. Ndaona atsikana angapo amene anadikira motere n'kupezeka asanduka chibwenzi chamseri cha mwamuna amene anali wawo poyera, ndipo ululu wachiwiriwu umaposa woyamba.

Tsopano ndifike pamene ndikuona kuti pagona nkhani. Mwalemba kuti amaona pasanathe mphindi zisanu. Kuti mudziwe zimenezo, ndiye kuti inunso pa mphindi zisanuzo mumakhala mutatsegula mndandanda. Sindikukudzudzulani, ndikungokuonetsani kuti oonerera pano ndi awiri. Iye amaona chithunzi n'kupitiriza tsiku lake, mwina ali ndi winayo pambali. Inu mumaona dzina lake n'kutaya usiku wonse. Ndikakhala ndi munthu wa vuto ngati lanu ndimamufunsa kuti, mwa ma status khumi omaliza amene munaika, ndi angati amene munaika mukuganiza za iye? Ambiri amayamba aseka, kenako amakhala chete. Vesi la m'Baibulo lonena za adani, nyimbo yodandaula, chithunzi mutatchena mukupita koyenda kumene simunasangalaleko n'komwe, zonsezi zimakhala makalata opita kwa munthu mmodzi. Anthu 200 amaona, koma inu mumasaka dzina limodzi. Mukalipeza mtima umagunda, kenako umagwa chifukwa sanalembe. Mukapanda kulipeza umagwabe. Mbali zonse ziwiri mukuluza ndinu.

Sikuti ndinu ofooka. Katswiri wa za khalidwe wa ku America, B.F. Skinner, anaonetsa kalekale poyesa nkhunda ndi makoswe kuti mphotho yobwera mosadziwika nthawi yake ndi imene imamanga chizolowezi chovuta kuthetsa. Juga imagwira anthu mwa njira yomweyi. Lero waona pa mphindi zisanu, mawa pa maola atatu, tsiku lina like yausiku, ndipo ubongo umati yang'ananso, mwina pano walemba. Mu 2010 Helen Fisher ndi anzake anaunika ubongo wa anthu 15 amene anali atangokanidwa ndi okondedwa awo. Powaonetsa zithunzi za anthu amene anawakanawo, mbali za ubongo zokhudzana ndi chibaba zinkatakasuka. Ndipo mu 2012 Tara Marshall wa pa Brunel University ku Britain anafunsa anthu 464, n'kupeza kuti amene ankakonda kusuzumira chibwenzi chawo chakale pa Facebook ndi amene anali ndi chisoni chambiri, kupukwa kwambiri, ndiponso kuchedwa kupita chitsogolo. Kafukufuku wotere satiuza chimene chinayambitsa chinzake, chisoni kapena kusuzumira, koma zimene ndimaona kwa anthu n'zakuti ziwirizi zimadyetsana. Simunandiuze ngati inunso mumatsegula ma status ake. Ndikuganiza kuti mumatsegula.

Ndiye muchite chiyani? Chophweka kwambiri, chimene mungachite usiku uno, ndi kuzimitsa Read receipts pa foni yanu. Pitani pa Settings, kenako Privacy. Mukazimitsa, mndandanda wa oona status yanu suonekanso kwa inu. Iye apitiriza kuona, koma inu simudziwa. Kwa ena izi zokha zimabweza tulo. Kuipa kwake n'kwakuti n'kosavuta kuyatsanso usiku mtima ukavuta, komanso ngati mumatsatsa masitayilo a tsitsi pa status mungafune kudziwa makasitomala amene aona.

Njira imene ndimaikonda pa nkhani ngati yanu ndi kumubisira. Pa Privacy pomwepo, pa Status, sankhani My contacts except, muchonge dzina lake ndi la mlongo wake. Salandira uthenga uliwonse woti mwamubisira, amangoona ngati mwasiya kuika. Kapena fufutani nambala yake m'foni, pakuti status imaoneka pokhapokha nonse awiri mutasungana manambala. Ndikudziwa kuti nambalayo munailoweza pamtima, koma kuilembanso kumafuna masekondi angapo, ndipo nthawi zambiri masekondi amenewo amakwana kuti munthu adzifunse chimene akuchita. Ake ma status muwachite mute kuti asamakutulukireni pamwamba. Pa Facebook pali Take a break, imene anaiyambitsa mu 2015 chifukwa cha anthu osiyana ngati inu: imachepetsa zake zimene mumaona ndi zanu zimene iye amaona popanda kuthetsa ubwenzi. Muthanso kungomuchotsa pa anzanu n'kusintha zithunzi zakale kuti zizioneka kwa anzanu okha.

Za mlongo wake musazitengere kumtima. Mwina anakuzolowerani ngati mlamu ndipo akukusowani, mwina amatumidwa. Simungadziwe, ndipo kumufunsa kungobala nkhani. Mubisireni pakadali pano, mukakumana kumsika mupatsane moni mwaulemu.

Nanga kubuloka? Ndi ufulu wanu, ndipo simufunika chilolezo cha munthu kapena chifukwa chachikulu. Pa WhatsApp mukamubuloka saonanso chithunzi chanu, status, ngakhale nthawi imene munali pa intaneti, ndipo mauthenga ake safika. M'gulu la kwaya lokha muzionanabe zolemba, chifukwa kubuloka sikufika m'magulu. Chimene ndimachenjeza n'kubuloka Lolemba, kutsegula Lachitatu kuti muone ngati wazindikira, n'kubulokanso Lachisanu. Kumeneko n'kulankhula naye ndithu, mwa njira ina. Ngati mukuona kuti mungagwe m'zimenezi, yambani ndi kubisa, muone mwezi umodzi. Mukapeza kuti chala chikukupititsanibe pa dzina lake, bulokani ndipo muuze mnzanu mmodzi wokhulupirika kuti azikufunsani ngati simunatsegule.

Nkhawa yanu ya mangawa ndaimva, ndipo ndimaimva kawirikawiri kwa anthu opemphera. Kukhululuka kumachitika mumtima, sikukukakamizani kuonetsa munthu zimene mwadya, kumene mwapita ndi amene mwakhala naye. Mungathe kumufunira zabwino, kuimba naye nyimbo imodzi Lamulungu, koma osamupatsa mpando m'moyo wanu wa tsiku ndi tsiku. Anthu adzalankhula, n'zoona. Mukabuloka adzati zikumupwetekabe, mukasiya adzati akudikirabe. Poti adzalankhulabe, sankhani chimene chikupatseni tulo. Kwaya musasiye chifukwa cha iye, pokhapokha ngati kumuona kukukudwalitsani. Zikatero pumulani masabata angapo, muwauze amayi a mvano kapena mtsogoleri amene mumamukhulupirira kuti muli ndi zina zofuna kukonza. Simukakamizidwa kufotokoza zonse.

Ena amafunsa ngati n'kwabwino kumulembera kuti, bwanji ukuona ma status anga? Ine ndimati ayi. Yankho lake likhala lakuti ndimangoona ngati mmene ndimaonera a aliyense, ndipo mutsala ndi manyazi pamwamba pa chisoni. Koma konzekerani ichi: mukangomubisira, pakatha sabata imodzi kapena ziwiri, mwina mudzalandira kauthenga kakuti mwasowatu, kapena moni chabe pakati pa usiku. Ambiri amagwera pamenepa, amati waona, amandifuna. Chimene chachitika n'chakuti wasowa poonera. Simukakamizidwa kuyankha. Mukafuna kuyankha, dikirani kuche, ndipo mufunse funso limodzi lolunjika: pali nkhani yanji? Munthu amene ali ndi mawu enieni adzawanena, adzatchula zimene analakwa, adzanena za winayo, adzapempha kukumana masana pamalo ooneka. Akangoti ndimangokupatsani moni, mwayankhidwa.

Akaunti yopanda chithunzi ija musailandire. Ikhoza kukhala yake, ya chibwenzi chake chatsopano, kapena ya akuba a pa intaneti amene sakukudziwani n'komwe. Musaifunse kuti ndinu ndani. Jambulani screenshot, kenako muibuloke. Ndipo chenjerani ndi mapulogalamu amene amalonjeza kukuonetsani anthu amene atsegula tsamba lanu la Facebook. Facebook sionetsa zimenezo kwa wina aliyense, imangoonetsa oona ma story. Mapulogalamu oterowo ntchito yawo ndi kukuberani pasiwedi.

Pali mbali ina imene atsikana ambiri amaiiwala. Pa zaka zitatu, kodi si iye amene anakutsegulirani Facebook kapena Gmail? Kodi pasiwedi yanu si tsiku lake lobadwa? Sinthani mapasiwedi onse lero, pamodzi ndi PIN ya Airtel Money kapena Mpamba ngati ankaidziwa. Pa WhatsApp tsegulani Linked devices muone ngati palibe kompyuta kapena foni ina yolumikizidwa imene simukuidziwa, chifukwa munthu amene anagwirapo foni yanu mphindi imodzi akhoza kumawerenga mauthenga anu onse ali kwawo. Mukaipeza, itulutseni. Yatsani Two-step verification, muike manambala asanu ndi limodzi amene iye sangawaganizire. Pa Google Maps onani ngati simukugawana naye malo amene muli. Ndipo ngati SIM yanu inalembetsedwa ndi chiphaso chake, monga zinachitikira kwa ambiri pa kalembera wa manambala wa 2018, pitani ku ofesi ya kampani ya foni mukafunse mmene mungaisinthire kuti ikhale m'dzina lanu. Mukaika zithunzi za kumene mwapita, ziikeni mutachokako.

Zimene mwafotokoza pakadali pano ndi zosautsa, koma sizinafike poopsa. Munthu kuona zimene mwaika poyera si mlandu. Nkhani imasintha akayamba kutsegula maakaunti atsopano nthawi iliyonse mukamubuloka, akamatumiza anthu kuti azikufufuzani, akamatchula zinthu zimene munalemba kwa munthu wina mwachinsinsi, akamapezeka pa saluni kapena pa siteji yanu popanda chifukwa, akamaopseza mwamuna aliyense amene wakulemberani ndemanga, kapena akanena kuti adzivulaza kapena akuvulazani mukapanda kumuyankha. Pamenepo musadikire kuti zikule, ndipo musakakumane naye nokha kuti mukambirane. Nthawi yongosiyana kumene ndi imene munthu wansanje yoopsa amavuta kwambiri. Mulembereni kamodzi kokha, mwachidule, kuti musandilemberenso kapena kunditsata, ndipo sungani uthengawo. Sungani ma screenshot ooneka tsiku, nthawi ndi nambala, muwatumizenso kwa mbale wanu kuti foni ikatayika umboni usatayike. Auzeni amalume anu ndi abwana anu ku saluni.

Malamulo alipo. Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limaletsa kuzunza, kuopseza ndi kulondalonda munthu kudzera pa foni kapena kompyuta, ndipo wopezeka wolakwa akhoza kulipitsidwa chindapusa ndi kupita kundende. Lamulo loletsa nkhanza za m'banja la 2006 silionera okwatirana okha, limafikanso kwa amene anakhala pa chibwenzi choposa miyezi 12, choncho khoti likhoza kupereka chiletso choti munthu asakuyandikireni. Poyambira ndi ku Victim Support Unit ya polisi ya kufupi ndi kwanu. Muthanso kuimba mwaulere pa 5600, nambala ya bungwe la YONECO yothandiza okhudzidwa ndi nkhanza.

Ndinene ndi ichi, poti ambiri amachita manyazi kuchifunsa. Ngati ali ndi zithunzi zanu za kuchipinda n'kuyamba kuopseza kuti azimwaza, musamupatse ndalama ndipo musabwererane naye chifukwa cha mantha, pakuti woopseza akapatsidwa kamodzi amabweranso. Kanenani ku polisi. Palinso tsamba la StopNCII.org, limene linayamba mu 2021, lothandiza akuluakulu kuti zithunzi zotere zitsekedwe pa Facebook, Instagram ndi TikTok. Chithunzicho sichichoka m'foni mwanu, chimene chimatumizidwa ndi chizindikiro chake chokha.

Kunena za inu mwini, kulira, kusowa chilakolako cha chakudya ndi kusowa tulo masiku ena n'zoyembekezereka. Usiku foni izigona kutali ndi bedi, ngakhale kuipereka kwa amene mumakhala naye, ndipo maola amene mumakonda kusuzumira muwapezere chochita ndi anthu enieni. Koma ngati mwachita zonsezi, n'kupitirira masabata awiri tsiku lililonse muli wokhumudwa, simukugona, mukuonda, manja akulephera ntchito, kapena mwayamba kumwa mowa kapena mapiritsi kuti mugone, pitani kuchipatala mukanene momwe mwandiuzira inemu. Kumeneko ku Lilongwe a Saint John of God ali ndi alangizi a za maganizo, ndipo zipatala za boma za m'maboma zimakhala ndi anamwino ophunzira za matenda a maganizo. Maganizo ofuna kudzipha akakufikirani ngakhale kamodzi, musagone nawo nokha: uzani munthu wamkulu amene mumamukhulupirira tsiku lomwelo, ndipo akuperekezeni kuchipatala.